Zigawenga zili kutali, nanga fomu ya inshulansi ikufunsiranji za izo ku Mchinji kuno?

Mwezi wathawu amalume anga omwe ali ndi mathiraki awiri pa Kamwendo anandiitana kuti ndikawathandize kudzaza fomu. Anapeza ntchito yonyamula soya ndi mtedza wa kampani ina yomwe imagulitsa kunja, ndiye kampaniyo inati musanakweze thumba ngakhale limodzi tionetseni kaye inshulansi ya katundu wa pamsewu. Ine poti ntchito yanga ndi yokonza mapepala a katundu pa boda anaona kuti ndine woyenera. Tinakhala pakhonde, fomu ya masamba asanu, tikudzaza bwinobwino mpaka tinafika pa funso loti kodi galimoto zanu zimadutsa madera omwe kuli zauchigawenga, ndipo kodi mukufuna inshulansiyi ikhudzenso zimenezo. Amalume anavula magalasi n'kundiyang'ana. "Mphwanga, zigawenga zake ziti ku Mchinji kuno? Ife vuto lathu ndi maenje amumsewu ndi anyamata okwera pamwamba usiku kumang'amba tenti."

Mbali ina ankanena zoona. Koma funso lija silinalembedwe mwangozi, kumbuyo kwake kuli anthu omwe ntchito yawo tsiku ndi tsiku ndi kuyeza chiopsezo cha uchigawenga pa dziko lililonse ndi bizinesi iliyonse, ndipo zomwe amapezazo zimatsika pang'onopang'ono mpaka kufika pa mtengo wa dizilo ndi feteleza womwe timagula kunoko. Ndiye ndati ndifotokoze m'mene amayezera, chifukwa ambirife timangoona mapu a mitundumitundu pa Facebook osadziwa kuti utotowo wachokera pati.

Muyeso wotchuka kwambiri ndi Global Terrorism Index, lipoti lomwe limatulutsidwa ndi bungwe la Institute for Economics and Peace la ku Sydney, Australia. Loyamba linatuluka mu 2012 ndipo amasanja mayiko 163. Masamu ake si ovuta. Chiwembu chilichonse chimapatsidwa malikisi 1, munthu aliyense wophedwa malikisi 3, wovulala theka, wogwidwa ukapolo thekanso. Tiyerekeze bomba laphulika malo ena, anthu 10 afa, 20 avulala, ndiye kuti 1 kuphatikiza 30 kuphatikiza 10, malikisi 41. Samangowerenga chaka chimodzi ayi, amatenga zaka zisanu, chaka chaposachedwa chimalemera pafupifupi 52 peresenti, chapitacho 26, kenako 13, 6 ndi 3, chifukwa mantha satha tsiku lomwe maliro aikidwa, amatsala m'mitima mwa anthu kwa zaka. Pamapeto pake zonsezo amazipanikiza kukhala nambala ya pakati pa 0 ndi 10.

Kwa zaka zambiri pamwamba pankakhala Iraq kapena Afghanistan basi. Mu lipoti la 2024 Burkina Faso ndi amene anakhala woyamba, ndipo lipoti la 2025 linaonetsa kuti kuposa theka la anthu onse ophedwa ndi zigawenga padziko lapansi mu 2024 anafera ku Sahel, dera la Mali, Niger, Burkina Faso ndi oyandikana nawo. Vutoli lasamukira ku Africa kuno, zimenezo tivomereze. Malawi amakhala kumunsi kwenikweni kwa m'ndandandawu ndipo tiyamike Mulungu pa zimenezo.

Koma apa ndi pomwe ine ndimasiyana ndi anthu omwe amangoona nambala ija n'kugona tulo. Muyesowu umawerenga maliro a dzulo, sunena za mawa. Mu 2016 munthu ukanafunsa za Cabo Delgado, chigawo cha kumpoto kwa Mozambique, ambiri akanakuuza za gasi ndi nyanja yokongola, koma pa 5 Okutobala 2017 anyamata a mfuti ndi zikwanje anaukira mapolisi ku Mocímboa da Praia ndipo kuyambira pamenepo derali silinaonenso mtendere weniweni. Chachiwiri, nambala imodzi ya dziko lonse imabisa zambiri. Munthu wa ku Lagos ndi wa ku Borno, komwe kumavuta zigawenga, onse ali mu Nigeria koma sagona tulo tofanana. Ku Mozambique nako, kuchoka ku Maputo kufika ku Palma, tauni ya ku Cabo Delgado, ndi makilomita oposa 2,000 pamsewu, ndipo mukatenga mapu n'kuyeza mupeza kuti Palma ali pafupi ndi Lilongwe kusiyana ndi Maputo. Zimenezi ndinawaonetsa amalume pa foni, anakhala kaye chete.

Ndiye akatswiri enieni, aja amalembedwa ntchito ndi makampani a migodi, mahotela, ndege ndi mabungwe othandiza anthu, sathera pa nambala. Amafunsa mafunso omwe mlimi aliyense wa ng'ombe wa ku Mkanda amawadziwa ngakhale sanapite ku koleji. Loyamba, kodi kuli akuba m'dera lino, akufuna chiyani, ndipo ali ndi mphamvu zotani? Wakuba wa nkhuku ndi gulu lobwera ndi mfuti kudzakusa khola lonse kuwolotsa malire si amodzi. Pa zigawenga amayang'ana zinthu ziwiri nthawi imodzi, cholinga ndi kuthekera. Gulu likhoza kumalalata pa intaneti kuti tiwotcha chakuti koma lilibe ngakhale njinga yamoto, lina lili phee koma lili ndi zida, ndalama ndi anthu odziwa njira zam'tchire. Amawerenga zomwe gululo limalengeza, mtundu wa malo omwe lakhala likumenya, kaya ndi asilikali, matchalitchi, misika kapena alendo akunja, komanso ngati likusuntha. Mwachitsanzo kumapeto kwa 2021 zigawenga za ku Cabo Delgado zinaonekera ku Mecula m'chigawo cha Niassa chomwe chimachita malire ndi ife, ndipo mu Seputembala 2022 zinawoloka kukamenya mishoni ya Chipene m'chigawo cha Nampula komwe anapha sisitere wa ku Italy, Maria De Coppi. Nampula ndi chigawo chomwe muli doko la Nacala. Kwa munthu woyeza chiopsezo kusuntha kotereku kumalankhula mokweza kuposa chiwerengero cha chaka chonse.

Funso lachiwiri ndi loti khola lako lili bwanji, mitengo yake ndi yolimba, galu alipo, pali njira zingati zolowera. Hotela yomwe galimoto imafika mpaka pakhomo popanda woifunsa, fakitale yomwe ili ndi msewu umodzi wokha wothawira, ogwira ntchito omwe amanyamuka ola lomwelomwelo tsiku lililonse pa basi imodzimodzi, zonsezo amazilemba. Lachitatu ndi loti zikachitika utaya chiyani, ndipo apa samangowerenga nyumba yopsa. Amawerenga miyoyo, miyezi yomwe ntchito iime, makasitomala omwe athawe, ngongole ya kubanki yomwe ikudikirabe. Mafunso atatuwa amachulukitsana, sawonkhetsana. Akuba akhoza kukhala ambiri koma ngati m'khola mulibe kanthu chiopsezo ndi chochepa. Akuba akhoza kukhala ochepa koma ngati chuma chako chonse chili m'khola limodzi lopanda chitseko, uli pamoto.

Chomwe chimavutitsa kwambiri pa nkhaniyi n'chakuti mdani wake amaganiza. Madzi osefukira sawerenga nyuzipepala, mtsinje wa Bua sungasinthe njira chifukwa wamva kuti mwamanga mlatho wolimba. Koma chigawenga chikaona kuti pano pakhwima chimapita pofewa. Ku Kenya pa 7 Ogasiti 1998 anaphulitsa ofesi ya kazembe wa America ku Nairobi, tsiku lomwelonso ku Dar es Salaam, anthu 224 anafa. Maofesi a akazembe atazunguliridwa ndi mipanda ndi zitsulo, zomwe zinadzatsatira ndi malo ogulitsira zinthu a Westgate mu 2013 pomwe panafa anthu 67, yunivesite ya Garissa mu 2015 anthu 148, ndi hotela ya DusitD2 mu Januwale 2019 anthu 21. Malo a anthu wamba okhaokha. N'chifukwa chake masamu a inshulansi ya moto kapena ngozi za pamsewu, omwe amadalira mbiri ya zaka zambirimbiri, sagwira bwino apa. Zochitikazo ndi zochepa koma chimodzi chokha chikhoza kugwetsa kampani.

Zinachitikadi pa 11 Seputembala 2001. Anthu 2,977 anaphedwa ku America ndipo makampani a inshulansi analipira madola mabiliyoni oposa 30 pa chinthu chomwe ambiri mwa iwo sankachiwerengera n'komwe pa mitengo yawo. Chaka chotsatira ambiri anangochotsa uchigawenga m'mapepala awo, mpaka boma la America linakhazikitsa lamulo la Terrorism Risk Insurance Act mu 2002 loti zikafika poipa boma lizithandizira kulipira. A ku Britain anali atadutsamo kale, gulu la IRA la ku Ireland litaphulitsa bomba ku Baltic Exchange mu London mu 1992 anakhazikitsa thumba lapadera lotchedwa Pool Re mu 1993. Ku South Africa kuli Sasria, kampani ya boma ya inshulansi ya zipolowe ndi uchigawenga, yomwe inayamba mu 1979 zipolowe za ku Soweto zitachitika. Kwa omwe akuika ndalama m'mayiko ngati athu kuli MIGA, nthambi ya World Bank, komanso ATIDI ya ku Nairobi yomwe Malawi ndi membala wake, mabungwe omwe amapereka inshulansi pa zoopsa zotere. Ndiye funso lija pa fomu ya amalume ndi mdzukulu wa mbiri imeneyi, uchigawenga anauchotsa mu inshulansi wamba, ukaufuna umalipira padera.

Masamu ake mwachidule ali chonchi, ndipo manambalawa ndangopeka kuti timvane. Katundu wa K200 miliyoni, woyeza akuganiza kuti pa maulendo 1,000 pa njira imeneyo umodzi ukhoza kuwotchedwa, ndiye kuti ulendo uliwonse wanyamula chiopsezo cha K200,000, kampani iwonjezerapo phindu lake. Nkhani zikaipa n'kusintha maganizo kuti ndi ulendo umodzi pa 100, yomweyo ikhala K2 miliyoni. Palibe thiraki yomwe yapsa, palibe mfuti yomwe yalira pafupi ndi inu, koma mtengo wakwera kakhumi chifukwa munthu wina ku London wasintha nambala imodzi. Zofanana ndi zomwe zinachitika ku Red Sea kuyambira Novembala 2023 a Houthi a ku Yemen atayamba kuwombera sitima, inshulansi inakwera ndipo sitima zambiri zinayamba kuzungulira ku Cape ku South Africa, ulendo n'kutalika ndi masiku ambiri.

Pali kamsampha kena apa komwe ndikufuna eni mashopu ndi mathiraki amve bwino. Mawu oti uchigawenga alibe tanthauzo limodzi lomwe mayiko onse anagwirizana, ngakhale ku United Nations anakanika kumanga mfundo imodzi. Nelson Mandela anakhala pa m'ndandanda wa zigawenga wa boma la America mpaka 2008, munthu atakhala kale pulezidenti. Ndiye papepala la inshulansi zinthu anazigawa, kunyanyala ntchito ndi zipolowe pawokha, uchigawenga pawokha, nkhondo payokha. Galimoto yanu ikapsa pa mademo, kampani ifunsa kaye kuti chimenechi chigwera m'bokosi liti, ndipo ngati bokosilo simunalipire mubwerako manja lendelende. Funsani musanasaine, musachite manyazi.

Chitsanzo chomwe chili pafupi ndi ife ndi Palma. Kampani ya Total, yomwe pano ndi TotalEnergies, inkamanga ntchito ya gasi ya madola 20 biliyoni ku Afungi. Anali ndi akatswiri a chitetezo, anali ndi mpanda, anali ndi asilikali a boma. Mu Ogasiti 2020 zigawenga zinalanda doko la Mocímboa da Praia, ndipo pa 24 Malichi 2021 zinalowa m'tauni ya Palma yomwe ili pafupi ndi kampu ya kampaniyo. Patangotha mwezi kampaniyo inalengeza force majeure, kutanthauza kuti zomwe zachitika zaposa mphamvu zathu ndipo mapangano onse aima kaye, ndipo ntchitoyo inaima zaka zoposa zinayi. Omwe anavutika kwambiri si kampani yaikuluyo ayi, ndi anthu a m'tauni omwe anaphedwa ndi kuthawa, ndi makampani ang'onoang'ono omwe anakongola ndalama kugula magalimoto, kumanga malo ogona alendo, kuweta nkhuku zoti azikagulitsa kukampu. Mpanda unateteza zam'kati koma moyo wa ntchitoyo unali kunja kwa mpanda. Mu Julaye 2021 kunabwera asilikali a Rwanda kenako a SADC, ndipo msonkhano wina wowonjezera nthawi ya asilikali a SADC aja unachitikira ku Lilongwe konkuno mu Januwale 2022 nthawi yomwe a Chakwera anali wapampando wa bungweli. Gulu la SADC linachokako mu 2024.

Nthawi zina kuyeza kumakhala kolondola koma wolandira uthenga ndi amene wagona. Ku Sri Lanka pa Isitala ya 2019 anthu oposa 260 anaphedwa m'matchalitchi ndi mahotela, chonsecho akazitape a ku India anali atachenjeza kale akuluakulu a chitetezo a dzikolo. Pakadafunda padajiwitsa galu.

Pali njira inanso yomwe nkhaniyi imatipezera osadziwa, kubanki. Mukamatumiza ndalama kunja n'kumafunsidwa chitupa, komwe ndalamazo zachokera, mwini weniweni wa kampani ndi ndani, musamangoti akukuvutitsani. Kuli bungwe la FATF ku Paris, lolimbana ndi kubisa ndalama zopezeka mwachinyengo, lomwe linayamba mu 1989 ndipo kuyambira 2001 limayang'ananso ndalama zopita kwa zigawenga. Dziko lomwe malamulo ake ali ndi mabowo amaliika pa m'ndandanda wa oyang'aniridwa mwapadera, Mozambique ndi Tanzania analowamo mu Okutobala 2022, South Africa mu Febuluwale 2023, onse anadzatuluka mu 2025 atakonza zina. Ukakhala m'menemo mabanki akunja amayamba kukukayikira, ndalama zimachedwa, ena amangotseka ubale. Dziko lomwe likulira kale ndi kusowa kwa ndalama zakunja ngati lathuli silingakwanitse zimenezo, ndipo n'chifukwa chake tili ndi lamulo la Financial Crimes Act la 2017 ndi bungwe la Financial Intelligence Authority. Kampani nayo ikhoza kugwa osati chifukwa yamenyedwa koma chifukwa inalipira zigawenga kuti isamenyedwe. Kampani ya simenti ya ku France, Lafarge, inavomera mlandu ku America mu 2022 kuti inkapereka ndalama kwa Islamic State ndi al-Nusra ku Syria kuti fakitale yake izigwirabe ntchito, ndipo inalipitsidwa madola pafupifupi 778 miliyoni.

Chimodzi chomwe chimandipweteka ndi anthu omwe amayeza chiopsezo poyang'ana chisoti kapena dzina la munthu. Kumeneko si kuyeza, ndi ulesi, ndipo kumabala chidani chomwe zigawengazo zimadyerapo. Ku Cabo Delgado ndi ku Sahel ambiri mwa ophedwa ndi othamangitsidwa m'midzi ndi Asilamu omwe. Woyeza wanzeru amafunsa zina, achinyamata a m'derali ali ndi chochita? Chuma chotuluka pansi pawo, kaya gasi kaya miyala ya rubi ya ku Montepuez, akuchionako? Asilikali akabwera amateteza anthu kapena amawamenya? Malire ali bwanji? Ife a ku Mchinji tikudziwa tokha kuti kupatula pa Mwami pali tinjira tambirimbiri ta njinga tomwe munthu amalowa Zambia kapena Mozambique osaonetsa pepala lililonse. Sindikunena kuti mukudutsa zigawenga, ndikunena kuti woyeza amalemba zimenezo ngati chitseko chosatseka.

Ndipo mbiri ya dera imasintha msanga kuposa momwe timaganizira, ngakhale popanda chigawenga. Mu Okutobala 2017 mphekesera za anamapopa zitavuta, United Nations inachotsa antchito ake ku Mulanje ndi Phalombe. Ntchito zothandiza anthu zinaima chifukwa wina anayeza n'kuona kuti galimoto yoyera ya bungwe yasanduka chandamale.

Koma kwa ife chachikulu ndi njira. Malawi alibe nyanja yamchere, mafuta athu ndi feteleza zimalowera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Akuluakulu akukumbukira m'zaka za m'ma 1980 nkhondo ya RENAMO itadula njanji za ku Beira ndi Nacala, katundu ankazungulira mpaka ku Durban, mathiraki ankadutsa ku Tete pamdipiti moperekezedwa ndi asilikali, ndipo anthu othawa nkhondo pafupifupi miliyoni imodzi anakhala m'dziko muno. Amalume eniakewo anali kondakitala wa thiraki nthawi imeneyo, nditangotchula Tete anayamba okha kufotokoza momwe ankagonera pansi pa galimoto kudikira kuti mdipiti unyamuke m'mawa. Chaposachedwa, zipolowe za pambuyo pa chisankho cha ku Mozambique kumapeto kwa 2024 zinasokoneza mathanka obwera kuno pomwe mizere ya pa filing'i siteshoni inali kale yaitali. Ndipo onani Mali, dziko lopanda doko ngati ife. Mu Seputembala 2025 gulu la zigawenga la JNIM silinafunike kulanda likulu la Bamako, linangoyamba kuwotcha mathanka ochokera ku Senegal ndi Côte d'Ivoire, mafuta anasowa mumzinda mpaka boma linatseka sukulu kwa masabata. Anamenya msewu, mzinda unagwada wokha.

Ndiye tinabwerera pa fomu ija ndi maso ena. Ndinawafunsa amalume kuti katunduyu akathera kuti, anati wina ku Kanengo, wina mwina mpaka ku Nacala kapena Beira kampani ikafuna. Tinagawa pawiri. Maulendo a Mchinji kupita ku Lilongwe tinalemba kuti ayi, palibe chifukwa cholipirira chinthu chomwe chiopsezo chake n'chochepa chonchi, ndalamayo bola igule matayala. Pa maulendo owoloka malire tinaimbira wa inshulansi uja kumufunsa zinthu zitatu, mtengo wake pa ulendo umodzi osati chaka chonse, ngati zipolowe ndi kutseka msewu zilimo kapena ndi uchigawenga wokha, komanso ngati dalaivala ndi kondakitala akutetezedwa kapena ndi matumba a soya okha. Funso lomalizali anawonjezera ndi amalume, ndipo yankho linali loti anthuwo salimo, ndi pepala lina lapadera. Anauza mnyamata wawo wa muofesi kuti Lolemba akatenge pepala limenelo, ndipo mpaka litasainidwa thiraki iliyonse izithera pa Kanengo.